Nkhata Yosowa Manda

Chaka chilichonse pa 3 Meyi, Jantina Meijering ankadzuka mutu ukuwawa. Sunali mutu wofuna mankhwala ayi, unali mutu wa mlendo. Limeneli ndi tsiku lomwe Maureen Tuckwell ankafika kuchokera ku Mangalande ndi sutikesi yake yobiriwira, kudzakhala masiku atatu pafamu ya a Meijering, m'mudzi mwathu muno mwa Lutterveen.

Ankadzera mwambo wa pa 4 Meyi, tsiku lomwe Holland yense amakumbukira anthu amene anafa pankhondo. Kumanda kwathu, kuseri kwa tchalitchi, kuli miyala yoyera isanu ndi umodzi ya anyamata a Chingerezi. Ndege yawo yoponya mabomba inagwera m'dambo la a Meijering usiku wina mu Juni 1943, ikubwerera kuchokera ku Jeremani. M'ndegemo munali anthu asanu ndi awiri. Wachisanu ndi chiwiriyo, Leslie Tuckwell, mnyamata wa zaka 19 yemwe ankakhala ndi mfuti kumchira kwa ndege, sanapezeke. Maureen anali mchemwali wake.

Mudzi wonse unkadziwa kuti sanapezeke. Jantina ndi mchimwene wake Tinus ankadziwa zina.

M'mawa wa pa 3 Meyi 2003, Jantina anali pasinki akupukuta kapu yomwe anali ataipukuta kale. Tinus, nkhalamba ya zaka 76, anali patebulo akudya buledi ndi tchizi, chipewa chili kumutu ngati kuti m'nyumbamo mukugwa mvula. Munthu ameneyu chipewa sankavula ndi m'tchalitchi momwe, abusa anachita kutopa naye.

"Iwe, kapuyo uiboola," anatero Tinus.

"Ikabooka ndi yanga."

"Nkhope imeneyonso uisinthe mlendo asanafike. Ukuoneka ngati ng'ombe yomwe yaona lole yopita kokaphedwa."

"Walemba kuti akudwala, Tinus. Madokotala alephera. Akuti ulendo uno ndi womaliza."

Tinus anatafuna pang'onopang'ono, kenako n'kumeza. "Ndiye kuti atsala masiku atatu okha. Akatha amenewa, tapuma."

"Tapuma! Kodi iwe mtima wakowo anauumba ndi chiyani?"

"Baibulo lomwe unagwira iwe ndi lomwenso ndinagwira ine. Usaiwale."

Kuiwala! Munthu angaiwale bwanji chinthu chomwe amachiona pawindo la kukhitchini tsiku ndi tsiku? Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa maapozi, wokalamba, wokhota, uli mbuu ndi maluwa. Pansi pa mtengo umenewo ndi pomwe panagona Leslie Tuckwell.

Zinayenda motere. Ndege itagwa, m'bandakucha bambo awo, a Harm Meijering, anamupeza mnyamatayo m'ngalande kuseri kwa khola, atakulungika m'palachuti yake, ntchafu itang'ambika. Aliyense nthawi imeneyo ankadziwa lamulo la Ajeremani. Woulutsa ndege ukamupereka nthawi yomweyo, ankapita naye kuchipatala kenako kundende, ndipo ambiri nkhondo itatha anabwerera kwawo. Ukamubisa n'kugwidwa, chipolopolo chinali chako. A Harm anali munthu wa mtima wabwino, ndipo mtima wabwinowo ndi umene unawaponya m'mavuto. Anamukweza pawilibala, n'kumufunditsa masaka, n'kukamutsitsira m'chipinda cha pansi pa khola mosungira mbatatesi. Ankati pakapita tsiku limodzi apeza anthu ozembetsa oulutsa ndege.

Koma dzuwa lisanafike pamutu, asilikali a Chijeremani anadzakhoma matenti m'dambo momwemo kulondera zibenthu za ndege. Anawerenga mitembo isanu ndi umodzi, n'kuyamba kusaka wotsalayo. Kuchoka pamatenti kufika pakhola sipankakwana ndi mapazi makumi asanu omwe. Tsiku lachiwiri bala linayamba kununkha. Kuitana dokotala sikukanatheka. Kumupereka nakonso kunali kutachedwa, chifukwa mwendo wake unali womangidwa ndi nsalu ya patebulo ya mayi awo, ndipo nsaluyo ikanaulula banja lonse. A Harm anali atakodwa mumsampha wotchera okha.

Jantina, kamtsikana ka zaka 11, ndi yemwe ankamupititsira mkaka m'ndowa ya ana a ng'ombe, poti mwana wonyamula ndowa palibe msilikali amene ankamuyang'ana kawiri. Tsiku lachitatu mnyamatayo anamwalira. A Harm ndi Tinus anamuika kuseri kwa nyumba, n'kudzalapo kamtengo ka maapozi kuti dothi lofukulidwalo lisadabwitse munthu.

Nkhondo itatha, mudzi unawatukula a Harm ngati ngwazi, chifukwa ndi iwo amene anakakamira pamaso pa Ajeremani kuti anyamata asanu ndi mmodzi aja aikidwe ndi mapemphero. Ndiye kunabwera maofesala a Chingerezi ndi mapepala awo, kufunsa za wachisanu ndi chiwiri. A Harm anayang'ana pansi n'kunena kuti anangoona palachuti imodzi ikuuluzika kulowera kunyanja. Madzulo ake anaitana ana awo awiri, n'kuika Baibulo patebulo.

"Ndikanamupereka m'mawa womwe uja, bwenzi ali moyo," anatero akulira. "Ndinamupha ndi ine, ndi chifundo changa chopusachi. Mayi wake ndingamuyang'ane bwanji? Gwirani apa nonse. Izi zifere m'nyumba muno."

Anagwira. Ndipo kuyambira tsiku limenelo famu ija inasanduka ndende. Douwe, mnyamata yemwe Jantina ankamukonda mpaka kusowa tulo, atati akwatirane apite ku Canada, Jantina anakana osapereka chifukwa. Tinus anakana aliyense wofuna kugula malowo, chifukwa wogula amadula mitengo n'kukumba maziko. A Harm ndi akazi awo anamwalira, koma lumbiro lija linatsala. Anthu ankati ana a Meijering amakonda nthaka ya makolo awo. Akanadziwa!

Takisi inafika cha m'ma 3 koloko. Jantina ataona yemwe akutsika, mtima unamupweteka. Maureen uja wonenepa, woseka mokweza, anali atatsala mafupa okhaokha, kumutu atamanga kansalu, m'manja muli ndodo.

"Jantina, wakalamba iwe!" anafuula Maureen.

"Ndiwe wonena zimenezo? Tadziona wekha, wafanana ndi njinga ya Tinus."

Anakumbatirana. Ankalankhula Chingerezi chomwe Jantina anachiphunzira kwa Maureen yemweyo, chaka ndi chaka kuyambira 1956 pomwe Maureen anabwera koyamba.

"Tinus, chipewa chimenechi si chomwe chija ndinakupeza nacho ndili mtsikana?"

"Ichi n'chatsopano," anayankha Tinus akunyamula sutikesi. "Ndinagula mu 1980."

Maureen sanafune ndi kulowa m'nyumba komwe. Analunjika pabenchi ya pansi pa mtengo wa maapozi, pomwe ankakhala chaka chilichonse. Jantina anabweretsa khofi ndi keke ya maapozi pathireyi.

"Malo ano sindiwamvetsa," anatero Maureen atatseka maso. "Ndikakhala pano mtima umakhala pansi. Ndi mtengo wakowu, kaya."

Jantina anathira khofi mpaka kusefukira m'sosala.

"Sindinakuuzepo za chitseko, eti?" anapitiriza Maureen. "Leslie anali katswiri wotaya makiyi. Mayi anatopa naye, ndiye ankangomusiyira chitseko chakuseri chosakhoma. Uthenga utabwera, sunanene kuti wafa. Unati wasowa. Mayi anati wosowa amabwera, ndipo sanakhomenso chitseko chimene chija mpaka imfa yawo. Ali pamphasa ya imfa anandigwira dzanja n'kuti, Mo, usakhome. Ine ndakalambira m'nyumba yomweyo, sindinakhomepo."

"Zaka zonsezi?"

"Ndikudziwa, n'zopusa. Akanakhala moyo bwenzi ali nkhalamba yopanda mano ngati Tinus. Koma ndikafika pachitseko, dzanja limakana. Mphepo ikachigwedeza usiku ndimadzuka. Mwana wanga Carol amandikalipira, akuti tidzaphedwa ndi akuba." Anaseka pang'ono, kenako chifuwa chinamugwira. "Chomwe chikundiwawa n'choti mwezi watha ndinamupempha kuti ndikapita, nayenso asadzakhome. Ndipo analonjeza, mwana wa anthu. Ndamusiyira katundu yemwe ine wandithyola msana."

Jantina ananyamula thireyi n'kuthawira kukhitchini. Anatsegula mpope kuti madzi aphimbe kulira kwake. Ankamukonda Maureen kuposa munthu wina aliyense wamoyo, ndipo ankadzida yekha.

M'mawa mwake Jantina anali m'khola akuluka nkhata za maluwa. Ntchito imeneyi inali ya banja la a Meijering kuyambira kale. Nkhata zinkakhala zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi imodzi ankaziyala pamiyala ija. Yotsalayo, poti inalibe manda, ankaipereka kwa Maureen, ndipo mwambo ukatha mudzi wonse unkamuperekeza kumlatho kuti akaiponye m'ngalande yaikulu yopita kunyanja, komwe a Harm ananena kuti palachuti inalowera.

Tinus analowa ndi mtolo wa nthambi. Jantina sanadzutse mutu.

"Ndimuuza," anatero.

"Wapenga."

"Mwina. Wamva za chitseko?"

"Ndinamva, sindine gonthi. Koma iwe taganiza. Dzina la bambo lili pachipata cha manda, ana asukulu amaliloweza. Ukufuna azidzalilavulira? Kubwera apolisi muno, asilikali ndi mafosholo, atolankhani ndi makamera awo. Adzatifunsa kuti zaka makumi asanu ndi limodzi munali kuti? Uyankha chiyani?"

"Kuti tinali pompano, tikumudyetsa mchemwali wake keke."

"Tseka pakamwa!" Tinus anaponya nthambi pansi. "Iwe unangonyamula mkaka. Fosholo ndinagwira ndi ine. Dothi loyamba kumaso kwake ndinathira ndi ine, ndili ndi zaka 16. Ukuganiza kuti ine ndimagona? Tinalumbira, Jantina. Bambo anapita, sangatimasule. Pirira masiku awiri okha."

"Tinkati tinena mayi akamwalira. Kenako tinkati bambo akamwalira. Zengerezu adalinda kwawukwawu, Tinus. Tsopano tikudikira kuti afe Maureen?"

Tinus anatuluka, ndipo Jantina anatsala akuluka nkhata yachisanu ndi chiwiri. Mawu anali atawalankhula mwamphamvu, koma mumtima ankadziwa kuti alibe chilimbikitso. Masana onse anayesa. Patebulo anatsegula pakamwa, n'kufunsa Maureen ngati akufuna supu wina. Pomuthandiza kuvala jasi anatsegulanso pakamwa, n'kunena za nyengo. Lilime linali litazolowera ndende yake.

Pofika cham'ma 7:30 madzulo mudzi wonse unali kumanda, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Belu la tchalitchi linkalira pang'onopang'ono. Nkhata zisanu ndi imodzi zinayalidwa, ndipo a meya anawerenga mayina onse asanu ndi awiri monga mwa nthawi zonse. Jantina anaima pakati, Tinus kumanja, Maureen kumanzere atakumbatira nkhata yake pachifuwa.

Belu linaleka. Lipenga linalira. Itakwana 8 koloko, kunagwa bata la mphindi ziwiri.

Mphindi ziwiri zimenezi kwathu kuno si zamasewera. Magalimoto amaima m'mbali mwa msewu, wapanjinga amatsika, ngakhale sitima imaima pakati pa minda. Wolankhula pa nthawi imeneyi ndi khanda kapena wamisala. Jantina anali atakhala chete pa mphindi zimenezi moyo wake wonse, ndipo zinkamukomera, chifukwa inali nthawi yokhayo pachaka yomwe dziko lonse linkakhala chete ngati iye.

Koma lero m'batamo ankamva chinthu chimodzi chokha, kupuma kwa Maureen, kolira ngati chitseko cha dzimbiri. Anayamba kuwerenga zotsala. Bata likatha, nyimbo ya fuko. Nyimbo ikatha, ulendo wa kumlatho. Nkhata igwera m'madzi, mawa lake takisi ibwera, ndipo basi. Maureen akafera ku Mangalande akumvetsera chitseko, Carol n'kuyamba kumvetsera m'malo mwake. Mlandu suola, umangosintha wousenza.

"Maureen, nkhatayo usakaiponye m'madzi."

Sanakuwe ayi, koma m'bata lija mawu ake anafika mpaka kuchipata. Mitu inatembenuka. Tinus anamugwira mkono mpaka zala kulowa m'mnofu.

"Sali m'madzi. Ali kwathu, pansi pa mtengo wa maapozi. Bambo anamubisa, anakhala moyo masiku atatu, ndipo tinamuika ndi ife."

Ananena izi m'Chingerezi. Kenako anazibwereza m'chilankhulo chathu, mokweza, kuti pasakhalenso pobwerera. Mayi wina anagwira pakamwa. A meya anayang'ana abusa, abusa anayang'ana nsapato zawo. Ndiye poti wotchi siidikira munthu, mphindi ziwiri zinatha ndipo oimba anayamba nyimbo ya fuko, koma oimba nawo anali ochepa.

Maureen sanagwe, sanalirenso. Anamuyang'ana Jantina nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kuyamba kuyenda, ndodo kudzanja limodzi, nkhata kudzanja linalo. Anthu anamupatukira. Anadutsa pachipata, pambali pa dzina la a Harm Meijering, n'kutenga njira ya kufamu. Jantina anamutsatira patali pang'ono, osayerekeza kumugwira mkono.

Atafika pamtengo Maureen anaima, akupumira m'mwamba. Sanakhale pabenchi.

"Anavulala pati?"

"Pantchafu."

"Akanapita kuchipatala akanachira?"

Apa Jantina anafuna kunama, bodza laling'ono lachifundo, koma mabodza achifundo anali atamukwana. "Mwina akanachira. Bambo ankakhulupirira choncho mpaka kufa."

"Anali yekha?"

"Usiku anali yekha. Masana ndinkabwera ndi mkaka. Tsiku lomaliza sanathe kumwa, anangondigwira dzanja. Thupi linali litatentha kwambiri, sankadziwanso komwe ali. Ankandiitana kuti Mo. Ankangoti Mo, Mo, ine n'kumavomera, osadziwa kuti n'chiyani. Ndinadzadziwa tsiku lomwe unafika koyamba, utanena kuti kwanu amakuitana choncho."

Apa ndi pomwe Maureen analira, kulira koipa, kotuluka m'mimba. Atatha anapukuta nkhope ndi kansalu ka kumutu kaja.

"Zaka 47," anatero. "Zaka 47 ndakhala pamwamba pake ndikumwa khofi, iwe ukundiyang'ana. Maapozi awa ndadya, jamu wake ndinkapita naye kwa mayi anga, iwo n'kumayamikira kukoma! Anafa akudikira, Jantina. Zaka khumi ndi zisanu ndinkabwera kuno iwo ali moyo, ukanatha kuwauza, kalata imodzi yokha."

"Ndikudziwa."

"Usandipemphe kuti ndikukhululukire. Lero ndilibe."

"Sindikupempha."

Kumbuyo kwawo kunamveka mapazi okwekweta. Anali Tinus, yekha. Anafika pamtengo osayang'ana aliyense, n'kuima kaye. Kenako anakweza dzanja n'kuvula chipewa. Mutu wake wadazi unali woyera ngati dzira, ndipo Jantina anazindikira kuti sanauone kwa zaka zambiri.

"Si pamenepo," anatero Tinus ndi mawu osasa, akuloza ndi chipewacho. "Mutu uli uku, chakumpanda. Tinamukulunga m'palachuti yake. Bambo anapemphera, ine ndinamupinda manja."

Maureen anayesa kuwerama, koma thupi linakana. Anayang'ana Jantina, n'kuyang'ana Tinus, nkhope ikadali yolimba.

"Mwaima chiyani? Ndigwireni."

Anamugwira wina uku wina uku mpaka anagwada. Anayala nkhata ija pa udzu pomwe Tinus analoza, n'kuisalaza ndi dzanja, n'kunong'ona mawu omwe awiriwo sanawamve. Kumsewu kunali kutayamba kusonkhana anthu, koma palibe amene analowa pageti.

Atamudzutsa, Maureen anachotsa mikono yake m'manja mwawo.

"Foni ikadali pakhonde la m'kati?" anafunsa.

Analowa yekha m'nyumba. Jantina anatsala panja pafupi ndi windo la kukhitchini, lomwe linali lotsegula. Sankadziwa ngati Maureen adzamulankhulanso, kapena mawa kubwera ndani ndi mafosholo. Anamva kudina kwa manambala, kenako mawu otopa aja.

"Carol? Ndine. Ayi, ndili bwino, tamvera. Pita kukhitchini ukakhome chitseko chakuseri. Ee, panopa. Kiyi ali m'chitini cha mabatani, pomwe agogo ako anamusiya." Kenako anawonjezera kuti, "Usadule, ndikufuna ndimve akukhoma."